Tsiku limene laputopu yanga inagona pa chambo

Popeza anzanga ayamba kale kunditchula kuti Injiniya wa Chambo, bola ndiinene ndekha nkhaniyi isanakafike kwa apongozi itamera nyanga. Eya, n'zoona. Ndinagoneka laputopu pa nsomba ya mufiriji, m'nyumba ya kasitomala, eni ake akuyang'ana.

Laputopuyo ndinaigula ku Limbe kwa mnyamata wina wa pakamwa pa shuga. Pakona panali kachomata ka Core i7, ndipo ine maso anathera pomwepo. Zotsatira zake, 7500U, sindinaziwerenge. U ameneyo amatanthauza purosesa yosunga batire, ya mawati 15, ndipo iyi inali ya ma core awiri basi. N'njabwino polemba makalata ndi kuonera mpira. Revit, pulogalamu imene ndimajambulira mapulani a nyumba mu 3D, imakonda purosesa yothamanga kwambiri pa core imodzi ndi kukhalabe pa liwirolo osatopa, ndiye pa laputopu umafuna ya chilembo H kapena HX m'malo mwa U, ya mawati 45 kupita m'mwamba. RAM, memory imene kompyuta imagwiriramo ntchito, inali 8GB yowotcherera pa bolodi, popanda polowetsa ina. "Terabayiti yathunthu, bwana!" anatero mnyamatayo, osanena kuti ndi hadi disiki yozungulira ija, osati SSD, disiki yothamanga ija. Za zithunzi munali Intel HD 620, imene ilibe memory yakeyake, imachita kubwereka pa 8GB yomweyo ngati mlamu wosagwira ntchito.

Ndidziikireko kumbuyo pang'ono: AutoCAD, pulogalamu yojambulira mapulani a mizere chabe, inkayenda bwinobwino, ndipo kwa miyezi itatu palibe anadandaula.

Ndiye panabwera ntchito ya loji ya ku Mangochi, zipinda khumi ndi ziwiri ndi denga la udzu. Fayilo ya Revit inatupa mpaka 300MB, chifukwa ndinalowetsamo DWG (fayilo ya AutoCAD) ya saveya yonse ndi ma contour ake, kuwonjezera mipando, mabedi ndi mitengo ya kanjedza yokopera pa intaneti, mpando umodzi wolemera kuposa khoma lonse. Anthu a Revit amawerengera kuti fayilo ikatsegulidwa imadya RAM pafupifupi kukula kwake kuchulukitsa ka 20. Ndiye kuti 6GB. Windows nayo yatenga gawo lake, khadi la zithunzi labwereka lake. Zosefukira zimatayidwa ku disiki, ndipo disiki yanga inali ija yoyenda ngati ngolo ya abulu.

Mayi mwini loji anandikhazika pa sofa. Laputopu ndinaiika pa khushoni, kutseka tizibowo tonse topumira ta pansi. Pofuna kudzionetsa, ndinasintha mawonekedwe kupita ku Realistic, n'kuyatsanso mithunzi. Ndinagwira Shift, kukanikiza kagudumu ka mausi, n'kuikoka pang'onong'ono kuti nyumba itembenuke.

Denga linatembenuka. Makoma anatsala.

Sindikunama, denga la udzu linaima lokha m'malere, chopendekera, pansi pake pali chimbudzi chimodzi ndi mtengo wa kanjedza. Fani inayamba kulira ngati chigayo cha pa Ndirande m'mawa wa Loweruka. Sikirini inayera mbuu, pamwamba n'kulemba kuti Not Responding, kamkombero kabuluu kakuzungulira. Tonse chete. Wotchi ya pakhoma ndinkaimva. Mwana anadutsa ndi chigumu, anaima, anadya chonse, n'kupita kukatenga china, denga likadali m'mwamba. Ine ndinkagwedeza mutu ngati zonse zili m'dongosolo, thukuta likutsika mpaka m'sokosi.

Bambo a m'nyumbamo anavula magalasi n'kuyandikira. "Achimwene, ndiye mukutionetsa mmene zidzakhalire mwera ukadzawomba?"

"Ayi bambo, ikuganiza kaye."

"Ikuganiza ngati ife tili ndi ndalama?"

Laputopuyo nditaigwira pansi inali ngati chiwaya cha tchipisi. Purosesa ikayandikira madigiri 100 imadzichepetsa yokha liwiro kuti isapse, ndiye pamwamba pa vuto la RAM panabwera ili. Ndinapempha ayezi. Munalibe. Mayi anaitana mtsikana wa ntchito, ndipo anabwera ndi jumbo, m'kati muli chambo ziwiri zazikulu zouma gwaa, zochokera ku Mangochi komweko. Ndinaziyala pa tebulo mitu kuyang'ana uku ndi uku kuti zilingane, n'kukhazika laputopu pamwamba. Chambo chimodzi diso linali panja, likundiyang'ana ngati likufunsa kuti kusukulu ndinkaphunzira chiyani.

Amene mukusekanu dziwani kuti zinathandiza. Fani inatsitsa mawu, makoma anabwera limodzilimodzi n'kukalowa pansi pa denga lawo. Komabe musayerekeze: chinthu chozizira chonchi chimachititsa mame, ndipo dontho likalowa pa bolodi mwataya zonse. Kungoichotsa pa khushoni n'kuikweza kumbuyo ndi buku kukanachita theka la ntchitoyo. Ndipo nsomba siiwonjezera RAM. Nditayesa kutsegula section, chithunzi cha nyumba yodulidwa pakati, inaumanso.

Imene ndili nayo pano ndinaigula nditaumirira kuti ndiiyatse kaye m'shopu. Mukanikiza Ctrl, Shift ndi Esc, mupita pa Performance. Pa CPU muwerenga dzina lonse mpaka chilembo chomaliza. Pa Memory muona ngati pali mzere wa Slots used, kuti mudzathe kuwonjezera. 16GB ndiye poyambira, ine ndinaika 32GB. Pa Disk palembe SSD. Pansi payenera kuoneka GPU (makhadi a zithunzi) ziwiri, yachiwiri ikhale yodziimira payokha. Yanga ndi RTX 4060 ya 8GB, ndipo m'pamene Lumion ndi Enscape zinayamba kundipatsa moni. Revit payokha siidalira kwambiri khadilo, koma zotulutsa zithunzi zokongolazi zimakhalira pomwepo. Onaninso kuti kumanja kuli mabatani a manambala, poti miyezo tiilemba tsiku lonse. Mnzanga wina anatsala pang'ono kugula MacBook, ndinamugwira dzanja: Revit ndi ya Windows yokha, pamene ArchiCAD ndi SketchUp zimayenda konse.

Yatsopanoyi nayo ili ndi zake. Ndi yolemera, tchaja chake n'chachikulu ngati njerwa yootcha, ndipo magetsi akathima imadzitsitsa mphamvu n'kumaliza batire msonkhano usanathe. Koma denga limayendera limodzi ndi makoma.

Ntchito ija anandipatsabe, ngakhale denga la udzu analikana, akuti aika malata. Chambo zinali zitasungunuka kale, ndiye mayi anangoti nditenge. Yakale ija ndinampatsa mphwanga, ndipo amati ikatentha mphaka wa aneba amabwera kudzakhala pawindo.