Manotsi amene foni inalephera kuwerenga

Sabata yachinayi ya kosi imene ndikuchita pa intaneti, yokhudza kakonzedwe ka maphunziro a ku yunivesite, yandikumbutsa manyazi amene ndinkafuna nditawaiwala.

Ndimaphunzitsa ku sekondale kuno ku Kasungu, koma Loweruka ndimathandizanso ophunzira a digiri amene amaphunzira ali kwawo, aja amangopita ku koleji pa holide. Ambiri ndi aphunzitsi a ku pulayimale, ochokera ku Santhe, ku Chamama, ena mpaka ku Nkhamenya. M'gulumo muli bambo wina wosaona, amene sukulu anayambira ku Chilanga. Tsiku lina magetsi atazima ndinalemba manotsi pamanja, masamba asanu, n'kuwajambula ndi foni, n'kuponya pa gulu lathu la WhatsApp. Ndinagona ndikudzitama mumtima kuti aphunzitsi odzipereka ndife. M'mawa foni inalira. "Aphunzitsi, zikomo kwambiri, komatu foni yanga yangondiuza kuti mwatumiza zithunzi zisanu. Zimene mwalembamo yakana kundiuza." Iwo anaseka, ine ndinasowa polowa.

Pa foni yawo amagwiritsa ntchito TalkBack, pulogalamu ya Android imene imawerenga mokweza zimene zili pa sikirini, ndipo pa laputopu ali ndi NVDA, imene ndi yaulere. Zilembo zotayipa zimawerengeka bwinobwino. Koma pepala lolemba pamanja mukalijambula, ngakhale mulisandutse PDF, limakhala chithunzi basi. Ndinadzamva pambuyo pake kuti usiku umenewo mwana wawo wa Fomu 2 ndiye anawawerengera, kulimbana ndi kalembedwe kanga kokhotakhota ndi mawu amene sanawamvepo.

Mutu wa sabatayi unali Universal Design for Learning, njira yokonzera maphunziro kuti afikire wophunzira aliyense, imene inakonzedwa ndi bungwe la CAST ku America. Ganizoli analibwereka kwa omanga nyumba. Katswiri wina wojambula mapulani, Ronald Mace, amene ankayenda pa njinga ya olumala chifukwa cha poliyo, ankati nyumba izikonzedwa kuyambira pa pulani kuti aliyense azilowamo. Njira yotsetsereka pakhomo imathandiza wa njinga, komanso agogo a ndodo, mayi woyembekezera ndi mnyamata wokankha wilibala. Mukaiwala n'kudzaimata pambuyo, imatuluka ngati zija timaziona pa maofesi ena, zotsetsereka ngati chulu, zoti munthu angathyokepo khosi. Kosi nayonso n'chimodzimodzi. Musanayambe kuphunzitsa muzidzifunsa kuti phunziroli lifika kwa wophunzira m'njira zingati, iye aonetsa bwanji kuti walimva, komanso n'chiyani chimuchititse kuti asagwe ulesi pakatikati.

Chimene chandilasa n'chakuti ife tinazolowera kudikira kuti munthu adandaule kaye, kenako timuchitire "chifundo". Chonsecho si nkhani ya chifundo. Dziko lathu linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, ndipo lamulo la 2012 linaletsa kuwasala pa maphunziro. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu oposa 10 pa 100 alionse a zaka 5 kupita m'tsogolo ali ndi ulumali wina wake. Ndiye m'kalasi ya anthu 40 musaganize kuti ndi yekhayo wa ndodo yoyera. Alipo wosamva bwino amene amangogwedeza mutu, alipo wa khungu lachialubino amene tizilembo ting'onoting'ono timamupweteka maso, ndipo ambiri sanena, poopa kuoneka ovuta.

Pali pena pamene ndinatsutsana nawo otiphunzitsawo. Zitsanzo zawo zambiri n'za mavidiyo aatali okhala ndi mawu pansi, ndi zokambirana za pa Zoom. Kwa iwo intaneti ili ngati mpweya. Kuno vidiyo ya ola limodzi imamaliza bandulo ya munthu, ndipo pali mnzathu wina amene amachita kukwera pachulu kuti apeze netiweki. Umphawi ndi mtunda nazonso zimatsekera anthu kunja, ngakhale mabuku a kosiyi amangozitchula modutsa.

Ndiye ndasintha mwakwathu. Manotsi ndikumatayipa mu Word, mitu yake yoikidwa bwino kuti pulogalamu yowerenga izitha kudumpha kuchoka pa mutu wina kupita pa wina, ndipo wofuna zilembo zikuluzikulu amangokulitsa. Chithunzi chilichonse ndimachifotokoza m'mawu. Kenako ndimajambula mawu a mphindi zisanu ofotokoza zomwezo, Chingerezi chosakaniza ndi Chichewa. Chodabwitsa, amene anayamikira kwambiri mawuwo ndi mayi wina amene amamvetsera akuchapa matewera. Koma mawu okha angamusiye wosamva, ndipo omasulira chinenero chamanja ndi osowa, n'chifukwa chake ziwirizi zimapitira limodzi.

Pa mayeso ndi pamene mutu ukundizungulirabe. Nditanena kuti pa asayimenti ina wophunzira azisankha kulemba kapena kufotokoza pakamwa, mnzanga wina anati, "Achimwene, digiri mukuisandutsa phala." Sindikuvomereza. Ngati funso likufuna kuona kuti munthu angakonze bwanji phunziro la Sitandade 3, liwiro la dzanja lake silikutikhudza. Koma mfundo yake ina inali yoona: kumvetsera anthu 40 mmodzimmodzi kumadya nthawi imene palibe amakulipira.

Chizolowezi nachonso sichichoka msanga. Loweruka lapitali ndinajambula tebulo pa bolodi, choko chili m'manja, ndikufotokoza mwamphamvu: "Mukachotsa apa, mubweretse apa." Bambo aja anakweza dzanja mwaulemu. "Pepani aphunzitsi, apa ndi pati?"