Lipoti la ulendo wa ku Aberdeen: kuunika mapulatifomu okalamba a panyanja

Gulu lathu la mainjiniya linapita ku Aberdeen, ku Scotland, kukaona momwe anzathu amaunikira mapulatifomu okumbira mafuta pa North Sea. Ambiri anamangidwa m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 kuti agwire ntchito zaka 20 kapena 25, koma ena akupopabe mpaka lero.

Tinayamba ndi dzimbiri. Limadya kwambiri pamene mafunde amanyowetsa chitsulo n'kuchisiya chiume, chifukwa penti imasupuka ndipo ma anodi (zidutswa za aluminiyamu zimene zimadyeka m'malo mwa chitsulo) sateteza chitsulo chimene chili kunja kwa madzi. Pansi pa madzi amatumiza ROV, loboti yoyendetsedwa ndi anthu ali pamwamba, kukayeza magetsi a chitsulo. Akafika pa -800 mV (mamilivoti) kapena kutsikirapo, poyerekeza ndi kachipangizo koyezera ka siliva kotchedwa Ag/AgCl, chitsulo chatetezeka. Akalephera kufika pamenepo, ma anodi a aluminiyamu atha kapena athothoka.

Tinakhalitsa pa nkhani ya kutopa kwa chitsulo (kung'aluka chifukwa chogwedezeka mobwerezabwereza), ndipo m'pake. Mafunde amagwedeza miyendo usana ndi usiku, mng'alu n'kuyambira powotcherera pamene mapaipi amakumana. Pa 27 Malichi 1980 pulatifomu yoyandama ya ku Norway yotchedwa Alexander L. Kielland inagubuduka, anthu 123 anamwalira, ndipo gwero lake linali mng'alu woyambira powotcherera kachipangizo kakang'ono pa paipi imodzi yolimbitsa mwendo. Mapaipi ambiri olimbitsa amatsekedwa mpweya uli m'kati, choncho amawapima ndi cheza cha gamma kapena ultrasound, ndipo akapezamo madzi amadziwa kuti abooka. Njirayi n'njofulumira, koma ife tikuona kuti siyenera kudaliridwa yokha: imagwira mng'alu umene waboola kale chitsulo. Kupima kuyenera kubwerezedwa nthawi yochokera pa kubooka kufika pa kuthyoka isanathe, ndipo polumikizira pofunika kwambiri ayenera kupala n'kupima ndi maginito.

Katundu nayenso amachuluka mwakachetechete. Pamwamba amawonjezera makina, pansi nkhono ndi ndere zimanenepetsa miyendo, mafunde n'kumakankha mwamphamvu. Nthaka imatha kutitimira: ku Ekofisk, malo opopera mafuta a ku Norway pa North Sea, mu 1987 anakweza mapulatifomu ndi mamita 6 kuti funde lalikulu lisamenye pansanja.

Chotidetsa nkhawa ndi zolembedwa. Pulatifomu ikagulitsidwa, zojambula ndi miyezo yakale zimatha kusochera, ndipo popanda muyezo wakale wa kuchindikala kwa chitsulo simungawerengere mamilimita amene dzimbiri limadya pachaka. Tagwirizana kuti poyeza paliponse tiziikapo chizindikiro chokhazikika, kuti wobwera pambuyo adzayeze pomwepo.