Kompyuta ya magemu: ndakhazikika pa Ryzen 5 5600

Ndikumanga kompyuta ya magemu, ndipo processor yake ndasankha tsopano. Ndi Ryzen 5 5600 ya AMD, ndipo yafika kale kuno ku Chilomoni limodzi ndi motherboard ya B550. Anzanga angapo ankandiuza kuti nditenge AM5 basi, socket yatsopano ya AMD (malo olowetsa processor pa motherboard), poti ndiko kukulowera zinthu. Mawu awo ndinawamva, koma ndatsata njira ina.

AM5 inatuluka mu September 2022 ndipo imalandira RAM ya DDR5 yokha. Ryzen 5 7600 ya pa AM5 imaiposa 5600 pamagemu, zimenezo palibe angatsutse. Koma ukaigula uyeneranso motherboard yake ndi DDR5 yake, zonsezo zolipira m'marandi kapena madola. Chiyambire November 2023, pomwe kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, mtengo womwe munthu amauona pa intaneti ndi poyambira chabe. Pali kusintha ndalama, pali wonyamula katundu pabasi ya ku Joni kudzera ku Mwanza, kenako msonkho. AM4, socket ya 5600, ndi yakale, inayamba mu 2016 ndipo imalandira DDR4; ukale wakewo ndi umene ukundithandiza. RAM ya DDR4 yadzaza m'makompyuta akaunjika a Dell ndi HP amene amagulitsidwa ku Limbe ndi m'tauni. Itati yafa imodzi, ndikhoza kukwera minibasi n'kukapeza ina tsiku lomwelo, ngakhale ikhale yochedwerapo, kusiyana n'kudikira alamu anga adzabwere kuchokera ku Johannesburg pa Khirisimasi.

Intel ndinaiganiziranso. Core i5-12400F ili ndi ma core 6 ndi ma thread 12 ngati 5600 yomwe, ndipo pamagemu zimangofanana. Chinandibweza ndi za mtsogolo. Pa socket yake ya LGA1700, wofuna kukweza amapita ku m'badwo wa 13 kapena 14, womwe mu 2024 unapezeka ndi vuto loti ma processor ena amawonongeka pang'onopang'ono chifukwa cholandira voteji yochuluka. Intel inavomereza, inatulutsa pulogalamu ya mkati mwa processor (microcode) yokonzera, n'kuwonjezera waranti ndi zaka ziwiri. Kwa munthu wa ku America zimenezo n'zokwanira. Ife kuno, processor yobwera m'chikwama cha munthu ukaibweza kwa ndani? Pa AM4, ndikadzapeza ndalama, ndidzangochotsa 5600 n'kuikapo 5700X3D ya cache (memory yothamanga ya mkati mwa processor) ya 96MB, china chilichonse osachikhudza.

Pomwe ndinazengereza kwambiri ndi pa 5600G. Iyoyo ili ndi graphics mkati mwake, kutanthauza kuti ukailumikiza ku sikirini imaonetsa zithunzi popanda graphics card, ndipo eFootball imayenda ndithu ukatsitsa ma setting. Kwa munthu amene akugula zipangizo chimodzichimodzi monga ine, zimenezo n'zokopa, chifukwa 5600 wamba payokha sionetsa kanthu. Koma kuti graphics ija ikwane, AMD inadula cache pakati: 5600G ili ndi 16MB pomwe 5600 ili ndi 32MB, ndipo magemu amaikonda cache. Komanso pa PCIe, njira yomwe processor imalumikizirana ndi graphics card, 5600G imathera pa 3.0, pamene khadi yomwe ndikufuna, Radeon RX 6600, imagwiritsa mizere 8 yokha ya PCIe 4.0. Ndinaona kuti ndi bwino kupirira miyezi yochepa opanda chosewerera kusiyana n'kukhala zaka ndi makina opunguka mphamvu.

Tsono za magetsi, zomwe anthu a pa YouTube sazitchula n'komwe. Aliyense amene anali mu Blantyre muno mu 2022 akukumbukira mmene zinalili namondwe Ana atawononga Kapichira mu January, dziko n'kutaya pafupifupi 130 megawatts. Kompyuta yomwe ndikumanga iyenera kutha kukhala pa UPS (bokosi la batire loyendetsa makina kwa kanthawi magetsi akathima) yomwe ndingakwanitse kugula. Ryzen 5 5600 ndi ya 65 watts. Radeon RX 6600 ndi ya 132 watts. Kuphatikiza motherboard, SSD, mafani ndi sikirini, zonse sizikuyenera kupyola 300 watts kwenikweni. UPS zambiri zolembedwa 1000VA zimanyamula pafupifupi 600 watts, chifukwa VA ndi watts si chinthu chimodzi, ndipo ogulitsa ambiri amangokuwerengerani nambala yaikulu ya pakatoniyo. Sindikufuna kusewera magetsi atathima ayi. Ndikufuna mphindi zochepa zosunga gemu n'kuzimitsa makina bwinobwino, komanso chotchinga magetsi akamabwerera mwamphamvu, poti nthawi imeneyo ndi imene zinthu zimapsa.

Nkhani yomweyi ndi imene inandisankhitsa B550 m'malo mwa B450, yomwe ndi yotsika mtengo. Ma B450 ambiri akale sazindikira Ryzen 5000 mpaka BIOS yake (pulogalamu ya pa motherboard yodzutsa makina) itasinthidwa, ndipo magetsi akathima ntchito imeneyo ili mkati, motherboard ikhoza kufa osadzukanso. Yomwe ndatengayi ili ndi batani la BIOS Flashback kumbuyo, lomwe limalembanso BIOS kuchokera pa flash ngakhale processor palibe. Kwa ife kuno batani limeneli ndi lofunika kuposa nyali zamitundumitundu zomwe amaika m'makesi.

Power supply sindinyengerera. Ndikufuna ya 550 kapena 650 watts, ya 80 Plus Bronze, ya kampani yodziwika, ndipo yatsopano. Zija zopepuka ngati katoni yopanda kanthu, zolembedwa 700W pa sitika, zikamafa zimapita ndi motherboard ndi khadi yomwe. Ma power supply abwino amakono ali ndi active PFC, yowongolera mmene amakokera magetsi, ndipo ena mwa iwo amazima UPS ya simulated sine wave, yomwe magetsi ake safanana ndendende ndi a kukhoma, ikangolowerera. Choncho ziwirizi ndidzaziyesa pamodzi m'shopu, pozula pulagi kukhoma makina akuyenda, ndisanapereke ndalama.

RAM ndi 16GB ya DDR4-3200, timitengo tiwiri ta 8GB kuti iziyenda pa dual channel. SSD ndi NVMe ya 1TB. Ena aona ngati yakula, koma EA Sports FC yokha imafuna malo okwana 100GB, ndipo kufufuta gemu kuti ina ikwane n'kudzaikoperanso ndi kutentha bandulo ya mwezi wathunthu. Kesi ndikufuna yokhala ndi sefa kutsogolo. Fumbi la September ndi kutentha kwa October zimabwera motsatizana, ndipo kafani ka Wraith Stealth komwe kabwera m'katoni ya 5600 kamakwanira pokhapokha mpweya ukamalowa momasuka.

Chatsala chachikulu ndi graphics card. RX 6600 ya 8GB ndiyo ili patsogolo, poti sikirini yanga ndi ya 1080p. RTX 3060 ili ndi 12GB koma imadya 170 watts. RTX 4060 imadya 115 watts yokha, zomwe zikugwirizana bwino ndi UPS, kungoti mtengo wake ukadali kutali ndi thumba langa. Zakaunjika zilipo zambiri pa Facebook, koma zina zinagwira ntchito yokumba Ethereum, ndalama ya pa intaneti, usiku ndi usana mpaka kukumbako kutatha mu September 2022. Yotero sindigula ndisanaione ikuyendetsa gemu kwa kanthawi, ndikuyang'ana kutentha kwake ndi kumvetsera mafani.

Loweruka likubwerali mnzanga wa ku Ndirande andibwereka kakhadi kake kakale ka GT 710 ndi power supply. Ndidzaika processor ndi RAM pa motherboard ili pamwamba pa katoni yake, kesi isanabwere, kuti ndione ngati ikulowa mu BIOS, ngati RAM yonse ikuoneka, ndi kuyatsa XMP, setting yothamangitsa RAM, kuti ifike pa 3200. Ngati china chabwera chakufa, alamu anga akadali ndi malisiti ku Joni ndipo nthawi yobwezera sinathe.