Akanakhala katswiri bwenzi tikumudziwa, atero amalume

Lamulungu usiku. Tulo takana, ndipo olakwa ndi amalume.

Ndinapita kukawaona masana. Titadya tinakhala pakhonde, iwo akusenda nzimbe ndi kampeni kawo kothyoka kunsonga kaja. Amalume ndi munthu wa Percy Sledge, woimba wa ku America wa nyimbo za soul. Nyimbo zake anazidziwira ku Joni ali mnyamata, ndipo akayamba kusimba zoti Percy anakaimba ku South Africa mu 1970, mungaganize kuti akukamba za mwana wa mlongo wawo. Ndiye ine pofuna kuwasangalatsa ndinatulutsa foni n'kuwaikira "The Dark End of the Street", koma yoimba James Carr.

Ndime yoyamba isanathe n'komwe anaimika mpeni.

"Ameneyunso ndiye ndani akuba nyimbo ya Percy?"

Ndinati ayi amalume, woyamba kuiimba ndi ameneyu. Analemba ndi Dan Penn ndi Chips Moman, Carr anaijambula ku Memphis, inamveka mu 1967, Percy anachita kuibwereza pambuyo. Anandiyang'ana, anatafuna nzimbe yawo mosapupuluma, kenaka amvekere: "Iwe mphwanga, akanakhala katswiri bwenzi tikumudziwa. Chabwino sichibisala. Fumbi ndiwe mwini."

Mawu amenewa ndi amene andikhala pakhosi. Pakhonde paja sindinalimbane nawo kwambiri, munthu sukweza mawu kwa amalume ako pakhomo pawo. Koma mumtimamu ndinatentha, ndipo ndikutenthabe.

Percy ine sindimunyoza. Mawu anali nawo, ulemu wake ngwoyenera. Koma tamverani Carr m'nyimbo imeneyi. Nkhani yake ndi ya anthu awiri okondana mwakuba, amene akudziwa okha kuti akulakwa ndiponso kuti tsiku lina adzagwidwa. Iye sayamba ndi kukuwa. Amayambira pansi, mawu olemera, ngati akuopa kuti wina amumva. Akafika pamene akuvomera kuti adzapezeka ndithu, mawu aja amang'ambika pang'ono, osati mochita kupanga ayi. Anali mwana wa mbusa, anabadwira ku Mississippi mu 1942 n'kukulira ku Memphis akuimba nyimbo zauzimu, ndipo zimamveka kuti tchimo akulidziwa kulemera kwake. Amalume zonsezi anazimva, ndinawaona phazi likugunda pansi. Koma poti dzinalo ndi lachilendo, khutu linakana zimene phazi linavomera.

Nanga fumbilo akanaliutsa bwanji? Percy nyimbo zake zinkatulutsidwa ndi Atlantic, kampani yaikulu ya ku New York, yokhala ndi ndalama zofikitsira zimbale kumawailesi ndi kumasitolo mpaka kutsidya kwa nyanja. Carr anali ku Goldwax, kakampani ka ku Memphis komwe kanayamba mu 1964 n'kugwa pofika 1969. Zili ngati kumsika: mayi woyala tomato pakhomo penipeni amagulitsa msanga, wa kuseri kwa mabenchi n'kubwerera naye kunyumba, ngakhale wake atakhala wofiira bwanji. Pamwamba pa izo Carr ankavutika ndi matenda a maganizo. Mu 1979 ali ku Japan anangouma kutsogolo kwa anthu, osatulutsa liwu. Anamwalira mu 2001 ndi khansa ya m'mapapo. Munthu wodwala chonchi tizimuuza kuti adziutsire yekha fumbi?

Ndinayesako kuwapatsa chitsanzo china, cha O.V. Wright, poti Otis Redding amamudziwa bwino. "That's How Strong My Love Is", imene ambiri amati ndi ya Otis, anayamba kuitulutsa ndi Wright mu 1964, ku Goldwax komweko. Itangoyamba kuyenda, kunapezeka kuti Wright adakali womangika ndi mgwirizano umene anasaina ali m'gulu loimba zauzimu la Sunset Travelers, pansi pa Don Robey, mwini kampani ya zimbale ya ku Houston. Nkhani inavuta, Wright anachoka ku Goldwax, nyimbo ija n'kutchuka ndi Otis. Wright anaimbabe zaka zambiri akujambulitsa nyimbo kwa Willie Mitchell, yemwe uja anakweza Al Green, koma anafa mu 1980 ali ndi zaka 41 dzina lake lisanafike patali. Amalume anangoti, "Ndiye kuti Otis anaiimba bwino kuposa." Basi. Kwa iwo wotchuka ndiye wopambana, ndipo umboni woti ndi wopambana ndi kutchukako. Ungalowere pati?

Chimene chikundinyansa kwenikweni mwina si amalume. Ndi mmene tonse timachitira. Tikati soul timatchula Otis, Aretha, Marvin Gaye, Percy, Al Green, mwina ndi Sam Cooke, n'kutseka chitseko. Wailesi ikati nthawi ya nyimbo zakale, ndi zomwezomwezo, mpaka munthu umadziwiratu yotsatira. Masiku ano zonse zili pafoni, palibenso choti chimbale sichinafike kuno, komabe timasaka maina omwe tikuwadziwa kale. Kusankha kumene anatichitira anthu a malonda zaka zoposa 50 zapitazo tikukusungabe ngati kuti ndi makutu athu anasankha. Izi zimandipweteka, ndipo lero zandipweteka koposa, kaya ndi kutopa kaya n'chiyani. Sabata yatha yonse ndakhala wokwiyakwiya, kanthu kakang'ono kakumandikhalitsa chete tsiku lonse.

Azimayi ndiye anaonekeratu. Aretha Franklin anali ndi mkulu wake, Erma. Erma ndi amene anayamba kuimba "Piece of My Heart" mu 1967, koma chaka chotsatira Janis Joplin ataibwereza dziko linaiwala mwini wake. Tangoganizani, mbali ino mng'ono wako akutchedwa mfumukazi, mbali inayo nyimbo yako yabwino koposa yapita ndi wina. Palinso gulu la The Sweet Inspirations, limene mawu awo amamveka kumbuyo kwa Aretha m'nyimbo zambiri, ndipo kuyambira 1969 ankaimbira kumbuyo Elvis Presley. Ankalitsogolera Cissy Houston. Ndinawafunsa amalume ngati akumudziwa, anapukusa mutu. Nditati ndi mayi ake a Whitney, anati, "Ooo, tanena choncho!" Mayi amene anaimba moyo wake wonse akudziwika ndi dzina la mwana.

Panali pamene ndinaganiza kuti ndawagwira. Ndinawasimbira za Bettye LaVette, amene anatulutsa nyimbo yake yoyamba mu 1962 ali ndi zaka 16. Mu 1972 anajambula chimbale chonse ku Muscle Shoals, malo otchuka ojambulira nyimbo ku Alabama, a Atlantic n'kuchitsekera m'kabati osachitulutsa. Chinadzatuluka mu 2000, ndipo anachitulutsa ndi anthu a ku France. Zaka 28! Mu 2009 anaimba pa mwambo wa zoimbaimba wokondwerera kulumbiritsidwa kwa Barack Obama ku Washington. Ndinati mwaona amalume, luso linalipo nthawi yonseyi, chinkasowa ndi woti alitsegulire njira. Iwo anaseka mpaka kutsokomola. "Si zimene ndimanena zija? Chabwino sichibisala. Si uyo anatulukira?"

Ndinasowa chonena. Nkhani yanga yomwe anaitembenuza kukhala mboni yawo.

M'minibasi pobwerera ndi pamene yankho linandibwerera, mochedwa. Bettye anatulukira chifukwa anakhala ndi moyo wautali woti n'kudikira. Howard Tate nayenso: anaimba "Get It While You Can" mu 1967, anasowa mpaka ena ankayesa kuti anafa, anagonapo m'misewu, anasanduka mlaliki, anthu n'kudzamupeza mu 2001. Awa ndi amene timawadziwa chifukwa anapezeka. Nanga amene imfa inafika msanga wowasaka asanabwere? Amenewo sangakhale mboni ya aliyense, ndipo n'chifukwa chake mfundo ya amalume imaoneka ngati yosagwedezeka.

Za Linda Jones sindinawauze n'komwe. Anali ndi mawu oti akakwera munthu umagwira mpando. Ankadwala shuga, ndipo anamwalira mu 1972 ali ndi zaka 27, m'masiku omwe ankaimba kuholo yotchuka ya Apollo ku New York. Ndinafuna kuwaimbira foni nditangotsika, koma ndinadziwa kuti adzangondifunsa ngati ndafika bwino. Loweruka likubwerali kuli chinkhoswe cha msuweni wanga, adzakhalako, ndipo ndikudziwa kuti nkhaniyi adzaiyambitsa okha pamaso pa anthu. Kaya ndidzayankhe, kaya ndidzangokhala chete, sindinaganize.