Lero mwana wanga walawa bere ali pa makina opumira

Lachitatu. Kuno ku nasale, chipinda cha makanda odwala kuchipatala, nthawi timaiwerengera pa mkaka, maola atatu aliwonse, usana ndi usiku. 3 koloko m'bandakucha mayi wogona pafupi nane anandigwedeza phewa, tinanyamula makapu athu n'kumatsata khonde tili ndi tulo m'maso. Pakhomo tinavula nsapato, kusamba m'manja ndi sopo mpaka m'zigongono, aliyense n'kulunjika kwa wake.

Wanga anabadwa mimba ili ndi masabata 30. Dzina sitinamupatse, pakhadi pake panalembedwa langa. Mapapo a mwana wobadwa masiku asanakwane amakhala opanda timadzi tina toterera tomwe timathandiza kuti asamafwafwale akatulutsa mpweya, ndiye kupuma kulikonse kumakhala ntchito yaikulu. Tsiku loyamba chifuwa chake chinkalowa m'kati kwambiri, akubuula. Anamuika pa CPAP, makina omuthandiza kupuma: timapaipi tiwiri m'mphuno, tomangirira ku kachipewa, ndipo paipi ina imathera m'botolo la madzi omwe amangochita thovu osaleka. Anesi anandiuza kuti ndikaona thovu lasiya ndiwaitane msanga, ndiye kuti mpweya ukuthawira penapake. Makinawo dzina lake ndi Pumani. Anapangidwa ndi a Rice University ya ku America pamodzi ndi madokotala a ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo oyambirirawo ankagwiritsa ntchito mapampu a m'mathanki owetera nsomba. Atawayesa ku Queens mu 2012, ana 71 mwa 100 aliwonse omwe anaikidwa pa makinawa anapulumuka, pomwe mwa omwe ankangolandira okosijeni anapulumuka 44. Ndinaziwerenga pafoni usiku wina tulo titandikana, ndipo kuyambira pamenepo phokoso la botolo lija silindiopsanso.

Ndinakhala pa benchi n'kuyamba kufinya. Chala chachikulu pamwamba pa mbali yakuda ya bere, chinacho pansi, kukanikizira kuchifuwa kaye kenako n'kupanikiza, kusiya, kupanikizanso, n'kumazungulira. Nsonga sitikoka, imangopweteka mkaka osatuluka. Masiku oyamba ndinkangopeza timadontho tachikasu tomata, toti pansi pa kapu sitinkadzaza n'komwe, ndipo ndinkachita manyazi kukapereka. Anesi ankatitapa ndi kasirinji, tina n'kumupaka mwana m'kati mwa tsaya. Amati mkaka woyambawo ndi umene uli ndi chitetezo chochuluka, ndipo ana oyamwa mkaka wa m'mawere sagwidwa kawirikawiri ndi matenda owoletsa matumbo, omwe amapha ana ang'ono ngati awa. Lero mkaka unatuluka bwino, woyera, makamaka nditaika kansalu kofunda pabere ndi kumuyang'ana iyeyo.

Kumwetsa kwake n'kwa kachubu kodzera m'kamwa mpaka m'mimba, poti mphuno zagwidwa kale ndi makina. Anesi amayamba akoka pang'ono ndi sirinji kuti aone ngati kachubu kali pamalo pake, ndiponso ngati mkaka wapita uja wagayika. Kenako amachotsa chokankhira, ine n'kugwira sirinjiyo m'mwamba, mkaka n'kumatsika wokha pang'onopang'ono. Ukafulumira amasanza. CPAP imalowetsanso mpweya m'mimba, choncho kamimba kakatupa amatsegula kachubu kuti mpweyawo utuluke. Dzanja limatopa, koma ntchito imeneyi sindifuna kuisiyira wina.

Cha m'ma 7 kunabwera apongozi anga ndi phala, botolo la thobwa ndi chinangwa chachiwisi chokulunga m'pepala. "Idyani ichi, mkaka ubwere," anatero. Ndinalandira ndi manja awiri. Kenako anafunsa funso lomwe aliyense kumudzi akufunsa pafoni: "Nanga mwanayo sanayambebe kuyamwa?" Nditayankha kuti amamwa wa m'chubu anagwira pakamwa. "Ndiye adzalidziwa bere ameneyu? Osangomugulira wa m'chitini bwanji, mupumeko?"

Ananena mwa chikondi, ndikudziwa, gogo ameneyu wagona pansi pakhonde chifukwa cha ife. Komabe mawuwo anandilasa. Anthu amaona ngati kuyamwitsa n'kuika mwana kubere basi. Ine ndikuyamwitsa. Ndikamadzuka pakati pa usiku kukafinya, ndikuyamwitsa, ndipo thupi la mwanayu lonse likumangidwa ndi mkaka wanga. Chinangwa ndinadya, thobwa ndinamwa, koma chomwe chimachulukitsa mkaka ndi kuuchotsa m'bere pafupipafupi, kasanu ndi katatu pa tsiku kapena kupitirira, osadumpha usiku. Mayi akaleka kufinya poti mwana ali pa makina, tsiku lomwe mwanayo adzathe kuyamwa adzapeza mawere ataphwa. Ndinawafotokozera apongozi modekha, iwo anangoti, "Chabwino, inu ndi amene mukumva za madokotala."

Madokotala anazungulira cha m'ma 9. Sikelo yakwera pang'ono, okosijeni amuchepetsera, ndipo dzulo lonse sanaiwale kupuma. Ana awa amatero, amangosiya kupuma mpaka uwasisite kuphazi, n'chifukwa chake amalandira mankhwala owakumbutsa. Dokotala anati masana timuike pa kangaru, kumugoneka pachifuwa panga khungu ndi khungu, ali ndi CPAP yomweyo. Njira ya kangaru inayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia mu 1978, ndipo kuno kwathu inayambira ku chipatala chachikulu cha Zomba mu 1999. Kwa zaka zambiri ankadikira kuti mwana achire kaye, achoke pa makina. Kafukufuku wina yemwe anachitika ku Malawi, Tanzania, Ghana, Nigeria ndi India, wotuluka mu 2021, anapeza kuti kuyamba kangaru mwana akangobadwa kumachepetsa imfa ndi gawo limodzi mwa anayi, ndipo mu 2022 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linasintha malangizo ake. Ndikuthokoza kuti wanga wabadwa zitasintha kale.

Kumusamutsa kunafuna anthu awiri. Mmodzi ananyamula mwana, wina akugwira mapaipi kuti asasololoke, ine nditakhala pampando pafupi ndi makina, malaya nditamasula. Anamugoneka pakati pa mawere, atangovala thewera ndi chipewa, mutu atautembenuzira kumbali, n'kutimanga ndi chitenje. Mapaipi anawamata paphewa langa ndi pulasitala. Ndi wopepuka moti ndinkamva kutentha kwake kuposa kulemera kwake. Patapita nthawi anayamba kusuntha mutu, kukamwa kuli yasa, akunyambita khungu langa.

Anesi ena achikulire anaona. "Amayi, mwana wanu akufunafuna. Finyani kaye, tiyese." Anandifotokozera kuti kuyamwa, kumeza ndi kupuma mogwirizana mwana amakudziwa bwino akafika masabata 32 mpaka 34, ndipo wanga akungoyandikira kumene. Bere lodzaza lingamutsamwitse, mkaka n'kulowa m'mapapo, makamaka pomwe makina akukankha mpweya. Choncho amayamba ndi bere lofinyidwa kale, kuti angolawa ndi kuzolowera. Ndinafinya mpaka linafewa, anamutsitsa pang'ono atamugwira kukhosi, ine n'kusiya kadontho kamodzi pansonga. Ananunkhiza, ananyambita, kenako anagwira. Anayamwa pang'ono, n'kuima, n'kupuma, n'kuyamwanso. Anesi maso anali pa kamakina kowerenga okosijeni ndi pa milomo yake, kuona ngati ikusintha mtundu. Siinasinthe. Nthawi yomweyo anamuthirira mkaka wake m'chubu, kuti aziti akamayamwa mimba n'kumakhuta. Posakhalitsa anagona nsonga ili m'kamwa.

Ndinalira, osabisa. Mayi wa pabedi loyandikana, yemwe wake ali pansi pa magetsi ochizira matenda a chikasu, anandisisita pamsana osanena kanthu. Anesi anandichenjeza kuti ndisadzayese ndekha iwo palibe, ndipo akadzapuma mothamanga kapena kutopa tidzadumpha tsikulo. Ndinavomera. Ndinawaimbira bambo ake, iwo n'kufunsa ngati ndiye kuti tituluka sabata ino. Ayi, ulendo ukadalipo: achoke pa CPAP, aphunzire kakapu, ayamwe mokwanira, sikelo izikwera tsiku ndi tsiku.

Madzulo kunabwera mtsikana wamng'ono yemwe wachira mapasa, mmodzi ali pa makina. Pa nthawi ya 9 koloko ndinamupeza atakhala ndi kapu yopanda kanthu, akukoka nsonga mpaka kufiira. Ndinakhala naye pafupi, ndinamuonetsa poika zala, ndipo titalimbana kwa kanthawi panatuluka timadontho tachikasu tija. Ankafuna kutipukuta ndi chitenje poganiza kuti ndi mkaka woipa, ndinamugwira dzanja n'kuitana anesi kuti abwere ndi sirinji. Tapangana kuti 12 koloko ndimudzutsa, tipitire limodzi.