Agogo anzanga, pakauntala muziyankhula nokha

Chiphaso changa cha unzika, chija tinajambulitsa mu 2017, chinapita ndi madzi a namondwe Freddy mu Malichi 2023. Ndinangokhala osachilondola, mpaka nditamva kuti popanda chimenecho sindilembetsa nawo m'kaundula wa chisankho cha pa 16 Seputembala 2025. Ine ndinaponya voti pa riferendamu ya 1993, mwana ali kumbuyo. Ndiye lero ndikhale pakhonde anzanga akusankha? Ayi ndithu.

Kalata ya amfumu ndi ya kupolisi, zoti ndikatengere chiphaso china, sizinavute. Chomwe chinandiwawa ndi tsiku lachiwiri ku ofesi yopereka ziphaso za unzika. Ndinalawirira, kabaza ndi minibasi zandidyera ndalama ya ndiwo za sabata yonse, n'kuima pamzere mpaka dzuwa paliwombo. Nditafika kutsogolo, mnyamata wa pakauntala sanandiyang'ane n'komwe. Ankafunsa mdzukulu wanga: “Agogowa dzina lawo ndani? Anabadwa liti?” Ine ndili pompo, makutu ali bwinobwino! Mwanayo anaphonya chaka chobadwa, zinasiyana ndi za mu kompyuta, basi atibweze. Tsiku lonse kupita pachabe chifukwa cha funso lomwe ndikanayankha ndekha.

N'chifukwa chake ndikuti yankhulani nokha. Mdzukulu akunyamulireni chikwama, koma pakamwa pakhale panu.

Ndaiwala, musanapite kuofesiko chititsani fotokope makalata onse awiri. Tsiku loyamba ndinabwerera chifukwa cha zimenezo, magetsi atazima pamalo ochitira fotokope. Lisiti yolipirira ndalama nayonso muyisunge m'pepala la pulasitiki, adzayifuna pokatenga chiphasocho.

Ulendo wachitatu ndinapita ndamanga chitenje zolimba. Ndinauza mlonda wa pakhomo kuti, “Bambo, ndili ndi zaka 69, mawondo sakundilola kuima.” Anandipatsa benchi, ndipo achinyamata a pamzere anati, “Dutsani amayi.” Kungopempha basi. Pajatu mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza anthu achikulire, ndiye sitikupempha chifundo chokha ayi. Mnyamata uja atatembenukiranso kwa mdzukulu wanga ndinati, “Mwanawe, mwini wake ndine, funsa ine.” Anachita manyazi, n'kundithandiza mwaulemu.

Chiphasocho chinachedwa kutuluka, koma ndinalembetsa, ndipo chala ndinaviika mu inki. Mayi awiri a kumpingo kwathu awonso zawo zinakokoloka. Lolemba ndikuwaperekeza, koma ndawauziratu kuti pakauntala ine sindiwayankhira.