Ufa, mchere ndi dongo: zoumbaumba za ana pakhonde

Mwana wa zaka 3 kapena 4 safuna zidole zodula za m'masitolo a ku Limbe kuti manja ake aphunzire ntchito. Zambiri zili kale kukhitchini kwanu. Chimene chimagwetsa makolo ulesi n'chakuti zoumbazo zimasweka kapena kuchita chuku, ndipo kawirikawiri vuto limakhala muyeso ndi kaumitsidwe.

Tiyambe ndi phala loumbira. Tengani makapu 2 a fulawa, kapu imodzi ya mchere, ndi madzi osadzaza kapu. Kapu ikhale imodzimodziyo poyeza zonse. Mchere wa mibulu wa kumsika uyambe wasinjidwa mumtondo mpaka usalale, apo ayi umakanda timanja ta mwana ndipo choumbacho chimatuluka ndi zibowo. Sakanizani fulawa ndi mchere, kenako thirani madzi pang'onopang'ono uku mukukanya kwa mphindi 10. Likamamata m'zala wazani fulawa, likamang'aluka nyowetsani manja n'kukanyanso. Musathire madzi ambiri nthawi imodzi.

Ambiri amafunsa ngati ufa woyera kapena mgaiwa ungalowe m'malo mwa fulawa. Sungatheke. Ufa wa chimanga ulibe ulimbo umene uli mu tirigu, ndiye choumbacho chikauma chimangoyoyoka. Fulawa wothira kale zotupitsa nayenso ngwosayenera, chifukwa akamva moto amafufuma ndipo nsomba imene mwana anaumba bwinobwino imasanduka chitumbuwa.

Choumba chisanenepe kuposa chala chaching'ono cha munthu wamkulu. Chikanenepa chimauma kunja kokha, m'kati muli chinyezi, ndipo pakatha sabata chimayamba kununkha. Ngati mudzafuna kuchikoloweka, boolani ndi kamtengo ka machesi chikadali chofewa. Yalani palichero, ikani padzuwa masiku 2 kapena 3, ndipo muzitembenuza m'mawa uliwonse. Amene ali ndi uvuni aumitse pa madigiri 100 kwa maola 2 mpaka 3.

Apa nyengo ya Blantyre ndiyofunika kuiganizira. Mu June ndi July, chiperoni chikakuta phiri la Ndirande ndi Soche, mchere umakoka chinyezi cha mumpweya, moti chimene chinauma dzulo mumachipeza chafewa. Masiku oterowo lowetsani lichero m'nyumba, muliike pambali pa mbaula mukatha kuphika, osati pamwamba pa makala. N'chimodzimodzinso nthawi ya dzinja. Zikauma gwa, zisungeni m'chitini chotseka bwino, pakuti makoswe ndi mphemvu nazo zimaukonda fulawa.

Phalali silodya. Mchere wake ndi wochuluka kwambiri moti ungadwalitse mwana wamng'ono, ngakhalenso galu wa pakhomo. Mwana amene akadaika chilichonse m'kamwa mukhale naye pafupi mpaka ntchito ithe.

Dongo ndiye laulere, ndipo ng'ombe zadongo agogo athu anaumba kalekale. Koma si dothi lililonse. Pofuna kuyesa, viringani kachingwe konenepa ngati pensulo n'kukakulunga pachala. Kakathyoka, mchenga wachuluka. Kakakulungika osang'aluka, ndi mtapo wabwino. Chotsani timiyala ndi mizu, livundikireni ndi chiguduli chonyowa usiku umodzi. Dongo lonona kwambiri limang'aluka pouma, ndiye thiranimo dzanja limodzi la mchenga wosefa pa manja anayi a dongo. Mosiyana ndi fulawa uja, dongo liumire pamthunzi. Dzuwa la October limaumitsa khungu lakunja msangamsanga, nyanga ndi miyendo n'kuthothoka. Ndipo chonde musakatape m'mphepete mwa Mudi kapena m'ngalande za m'makwalala. Madzi ake amatenga zonyansa za m'tauni, pamene manja a mwana sachedwa kupita kukamwa.

Guluu wabwino amachokera ku ufa wa chinangwa, womwe uja wa kondoole. Sungunulani masupuni aakulu 4 m'makapu 2 a madzi ozizira, kenako terekani pamoto wochepa mukutakasa mpaka phala lilimbe ndi kuyamba kuwala. Mukathira ufa m'madzi otentha mupeza mibulu yokhayokha. Onjezani kasupuni ka mchere, dikirani lizizire ndithu musanapatse mwana. Phikani longokwanira, chifukwa likagona masiku awiri limasasa.

Ndi guluuyu mungapange mbale ya mapepala. Tembenuzani bakuli kukamwa kuyang'ane pansi, pakani mafuta odzola kunja kwake kuti mapepala adzachoke. Ana ang'ambe nyuzipepala yakale m'timizere totambalala ngati zala ziwiri. Kung'amba kuli bwino kuposa kudula ndi sizasi, popeza m'mphepete mong'ambika mumagona bwino, komanso ndi ntchito imene mwana wa zaka 2 amaitha ndi kuikonda. Viikani kapepala, kululani guluu wotsala ndi zala ziwiri, matani mopingasana. Mukayala katatu lekani ziume tsiku lathunthu, mawa muyalenso katatu. Kuunjika zonse tsiku limodzi ndiye kumabweretsa chuku chija.

Penti ndiye gawo losangalatsa. Makala osinja ndi kusefa amapereka wakuda, dothi la katondo wofiirira, masamba a mbatata osinja ndi kufinyira pakansalu wobiriwira wosawala kwambiri. Mu uliwonse thiranimo kasupuni ka guluu uja, apo ayi utoto ukauma umangopukutika ngati fumbi. Woposa onse ndi chidede. Wiritsani dzanja limodzi la maluwa ake ofiira aja m'kapu ya madzi mpaka atsale theka, mugawe m'tizivindikiro titatu. Koyamba musiye momwemo, kachiwiri mufinyiremo ndimu, kachitatu muthiremo kachidutswa ka soda wophikira therere. Ka ndimu kamafiira mowala, ka soda kamasanduka kobiriwira modera, mwana akuona ndi maso ake. Burashi ndi nthenga ya nkhuku, mswachi wakale kapena chitsononkho chogubuduza papepala. Katoni amagwira penti wotereyu kuposa pepala la m'kope, limene limanyowa n'kubooka.

Kwa ana osakwana zaka 3, nyemba, mikanda ndi mabatani zikhale kutali, chifukwa zimatsamwitsa ndiponso zimalowa m'mphuno ndi m'makutu. Njere za nsatsi ndi zija zofiira za kadontho kakuda n'zokongola koma ndi poizoni, zisayandikire pamkeka. Mapesi opangira magalasi ndi galimoto asendedwe ndi wamkulu, khungu lake limacheka ngati lezala. Mawaya adikire mwana afike zaka 7 kapena 8.

Mwana wamng'ono akakhala pantchito mphindi 15, wachita zambiri. Akanyamuka musamukakamize, kulungani phala lotsala m'pulasitiki, lidzagwira ntchito mawa. Ndipo inu amayi, abambo kapena azakhali, umbani chanu pambali. Ng'ombe yake ikatuluka ndi miyendo itatu musaikonze, chifukwa mukaigwira iye amabweza manja n'kunena kuti “ndipangireni.” Ingomufunsani kuti, “Imeneyi dzina lake ndani? Ikupita kuti?” Akayankha, lembani mawu akewo ndi tsiku kuseri kwa katoni.